Mayi Soko ndi Mitolo ya Tsekera

Inu ana anga, Yohane ndi Malita, pali funso limene mwakhala mukundifunsa kuyambira kale, nthawi zina moseka, nthawi zina nkhope zili ndwii: "Atate, n'chifukwa chiyani sitinasamukire ku tauni chaka chija amama anali atalongedza kale mbale m'makatoni?" Ine ndinkangoyankha kuti zinthu sizinayende. Zinkayenda bwinobwino, koma amene anaziimitsa ndine, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Tsopano popeza ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano m'kamwa, ndati ndilembe kuti mudziwe. Nkhaniyi ndi ya Mayi Soko, mphunzitsi amene sindinaonepo wina wofanana naye. Ndi nkhaninso ya masamu ophatikiza ndi ochotsera, amene anthu ambiri amawayesa masamu achibwana.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: Kuseri

Nditamaliza kosi ya uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina ya njira ya ku Mwami. Inali kuseri kwa phiri, moti anthu ankangoitchula kuti sukulu ya Kuseri. Ndinatsika lole pamsewu ndi sutikesi yamalata ndi jekete imodzi imene ndinkaikonda kuposa moyo, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda pansi. Nyumba imene anandipatsa tinkagawana ndi mileme. Koma sindinadandaule, pakuti ndinali mnyamata, ndipo ndinkadziona kuti ndabweretsa nzeru zonse za ku koleji. Anandipatsa Giredi 3.

Masamu ndinkawadziwa, zimenezo musakayike. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kudziwa masamu ndi kwina, kuwalowetsa m'mutu mwa mwana wamng'ono ndi kwinanso. Ndinalemba pabolodi 47 kuphatikiza 38, n'kufotokoza lamulo monga anandiphunzitsira ineyo, lakuti lemba 5, sunga 1. Ana onse anagwedeza mitu ngati agulo pamtengo. Pochonga makope, ha! Theka la kalasi linalemba 715. Anaphatikiza 7 ndi 8 n'kulemba 15 yense, kenako 4 ndi 3 n'kuika 7 kutsogolo. Kuchotsera ndiye kunali maliro enieni. Pa 402 kuchotsera 175 ankapeza 373, chifukwa paliponse ankangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, osasamala kuti ili pamwamba kapena pansi. Ndinabwereza lamulo, ndinakweza mawu, ndinamenya tebulo ndi rula mpaka rulayo inathyoka. Mayankho sanasinthe.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali phokoso la kalasi yoyandikana nafe. Makoma athu sankafika kudenga, ndiye ine ndili pakati pofotokoza, ndinkangomva ana a Giredi 4 akufuula, "Odi! Odi kuno!" ena n'kumayankha, "Lowani!" Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinakonza jekete yanga n'kupita kukadandaula. Ndinapeza mabenchi atawakankhira kukhoma, ana atakhala pansi m'timagulu, ndipo pakati pawo panali mayi wamfupi, wovala chitenje pamwamba pa deresi, atagwada ngati akusankha mtedza. Amenewo ndiwo anali Mayi Soko. Anali mwana wa kalaliki wa ku mishoni, amuna awo anali atamwalira, ndipo ankalera okha ana atatu. Mawu awo anali apansipansi, koma mwana akawamva ankasiya chilichonse chimene akuchita.

"Mayi, ana anu akusokoneza phunziro langa," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kunsapato. "Pepani, a Sakala. Ifenso rula yanu timaimva. Yathyoka eti? Takhalani pansi apo, pafupi ndi Tereza, muone chimene tikuchita."

Ndinakhala pansi ndi jekete yanga yomweyo, ana akubisa kuseka m'manja. Kutsogolo kwa kagulu kalikonse anali atajambula pansi nyumba zitatu zoyandikana. Ya kumanja inali ya mawani, yapakati ya mateni, ya kumanzere ya mahandiredi. Anthu okhala m'nyumbazo anali timapesi ta tsekera, udzu uja timamangira mipanda, todula kutalika ngati chikhatho. Lamulo linali lakuti m'nyumba simugona anthu khumi. Akangokwana khumi, mumawamanga mtolo ndi kalegeni kodula ku chubu chakutha, n'kuwasamutsira khomo lotsatira. Mitolo ikakwana khumi m'nyumba ya mateni, imamangidwa mtolo umodzi waukulu n'kupita kwa mahandiredi. Machubuwo ankakapempha okha kwa madalaivala a malole amene ankadikira pachipata cha malire ku Mwami, n'kumadula ndi lezala Loweruka.

"Tipatseni samu imene yakuvutani," anatero. Ndinati 402 kuchotsera 175. Kamtsikana kaja Tereza kanaika mitolo inayi ikuluikulu kumanzere, pakati kanasiya popanda kanthu, kumanja kanaika timapesi tiwiri. Kenako kanayamba kulankhula: "Pano ndili ndi awiri, akufuna asanu, sindingathe. Ndipita kwa aneba." Kanagogoda pansi ndi chala. "Odi!" Anzake anayankha, "Lowani, koma kuno kulibe kanthu!" Mayi Soko anatembenukira kwa ine. "A Sakala, kwanu mukapita kukapempha mchere kwa mnansi, iye n'kupezeka kuti alibe, amakubwezani chimanjamanja?" Ndinati iyayi, amapita yekha khomo lina kukakupempherani. "Basi. Ziro nayenso ndi munthu waulemu." Tereza anagogoda kwa mahandiredi, anamasula mtolo umodzi waukulu, mitolo khumi inagwera m'nyumba yapakati. Anamasulaponso umodzi, timapesi khumi tinapita kumanja. Anachotsa zofunika kuchotsa n'kuwerenga zotsala: 227. Koma abale, ndinakondwa ngati mwana! Kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso anga kumene amachokera 9 uja amene tinkangomulemba pamwamba pa ziro chifukwa anatiuza kutero.

Anali ndi lamulo linanso. Sankalandira yankho la chinunu. Mwana aliyense, kaya ali pansi ndi mitolo, kaya ali pabolodi ndi choko, ankayenera kunena ndi pakamwa chilichonse chimene dzanja lake likuchita. "Yankho ukhoza kubera kwa mnzako," ankatero, "koma njira sungabere." Ndiponso sankafulumira. Aphunzitsi ena akamathamangitsa silabasi, iwo ankakhala pa mitolo mwezi wathunthu, ahedi athu n'kumang'ung'udza pakhonde. Koma ana awo akafika pa kuchulukitsa ndi kugawa ankangodutsa ngati njinga potsetsereka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mayi amenewo kunandigonjetsa. Loweruka lotsatira ndinali kudambo ndi chikwakwa, ndikumweta tsekera wanga.

Tsiku loyamba la mitolo m'kalasi mwanga sindidzaliiwala. Tinabwerera ku 47 ndi 38 uja. Timapesi 7 ndi timapesi 8 titakumana m'nyumba ya mawani, kalasi yonse inakuwa, "Simugona khumi!" Anamanga mtolo, anausamutsa, anawerenga 85. Mwana wina kumbuyo anaimirira osapempha n'komwe, n'kunena, "Aticha, kani 1 uja timasunga ndi mtolo?" Ndinati inde, mwana wanga, ndi mtolo. Kuseri kwa khoma ndinamva Mayi Soko akuseka, ndipo pa nthawi yopuma anabwera kudzandiuza kuti ana anga akusokoneza phunziro lawo.

Zaka za m'ma 1980: kusamukasamuka

Ku Kuseri ndinakhalako zaka zochepa, kenako anandisamutsira kufupi ndi Mtenguleni. Kumeneko ndi kumene ndinakwatira amayi anu, ndipo nonse awiri munabadwira komweko. Febuluwale akayandikira, ana ankabwera m'kalasi miyendo ikuvina kale gule wa mwambo wa Ncwala pansi pa benchi, ndipo ahedi athu, munthu wokonda wezulo ndi mpira kuposa china chilichonse, sankaona vuto. Zinali zaka zosowa. Mabuku a masamu analipo ochepa moti limodzi linkazungulira kalasi yonse. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma, ndipo bolodi tinkalidetsa ndi makala osinja. Ana ena ankadula kope limodzi pakati kuti agawane ndi ang'ono awo. Aphunzitsi anzanga ankadandaula kuti popanda zipangizo palibe chimene tingachite. Ine ndinkadandaula nawo, chifukwa kudandaula n'kokoma, koma tikabalalika ndinkapita kukatoni yanga. Tsekera sanasowepo m'dziko muno, ngakhale chaka cha chilala.

Ankandiseka, n'kundipatsa dzina loti Sakala wa Mitolo. Ahedi aja tsiku lina anaima pakhomo n'kufunsa, "A Sakala, mukuphunzitsa masamu kapena mukufolera nyumba?" Ndinati bwana, ndikufolera ndithu, kuti m'mitu mwa anawa musamadonthe. Anaseka n'kupita kubwalo la mpira. Ndinaphunzitsanso pasukulu zina ziwiri, ina ya kufupi ndi msewu waukulu wa ku Lusaka, ndipo kulikonse katoni ya mitolo inkakwera lole limodzi ndi mipando yathu.

Mayi Soko ndinkakumana nawo mwa apo ndi apo pamisonkhano ya aphunzitsi ku Chipata, ndipo moni wawo unali umodzi: "Ana anu akugogodabe?" Pamsonkhano wina anationetsa timabokosi tapulasitiki tamitundumitundu tochokera kunja, tophunzitsira mawani ndi mateni, ati ndiyo njira yatsopano. Tinaombera m'manja tonse. Mayi anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona, "Tamuonani tsekera wathu wavala suti." Timabokosito kusukulu zathu sitinafikeko.

Pakati pa zaka za m'ma 1990: kubwerera

Anandikweza kukhala hedi, ndipo sukulu imene ananditumizako inali ya Kuseri yomwe ija. Mayi Soko anali akadali pompo ndi Giredi 4 yawo, tsitsi litayera. Tsiku loyamba anandiombera m'manja n'kunena, "Takulandirani, ahedi." Manyazi anandigwira. Ndinati mayi, kwa inu ndine Sakala yemwe uja wothyola rula. Anati, "Iyayi, mpando ndi mpando." Kuyambira pamenepo sanandiitanenso dzina.

Chinafika chaka chawo chomaliza asanapume, chaka chimene iwe Malita unalowa m'kalasi mwawo. Teremu yoyamba isanathe ndinayamba kuona zachilendo. Sankalembanso okha pabolodi, ankatuma ana. Akamalowa m'kalasi, mwana wina ankathamanga kukachotsa chilichonse chili panjira. Kope ankaliyandikitsa mpaka pamphuno. Ndipo tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, ndinaima pakhomo la kalasi yawo, iwo anatembenuka n'kunena, "Iwe wachedwa, khala pansi msanga." Palibe mwana anaseka, ngakhale mmodzi. Pamenepo ndinazindikira kuti anawo ankadziwa kale ndipo ankawabisa. Ngakhale iwe mwana wanga sunatulutse liwu kunyumba.

Ana ataweruka ndinawapeza Mayi Soko pansi pa mtengo wa mango akumanga mitolo, manja akugwira okha ntchito, nkhope itayang'ana kwina. Ndinakhala pambali pawo. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndikudziwa chimene mwadzera, ahedi. Kuchipatala ndinapita. Akuti si ng'ala yoti angachotse, ndi matenda a m'kati mwa diso. Ndimaona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu, koma manambala anandithawa."

"Nanga bwanji simunandiuze, mayi?"

"Ndikanakuuzani mukanatani? Mukanayenera kukanena ku ofesi, andipumitse chifukwa cha matenda. Ndipo inu mukudziwa kuti kuno mphunzitsi akachoka pakati pa chaka, wina sabwera. Anawa azingokhala." Anamaliza kumanga mtolo umene unali m'manja, kenako anati, "Chiyambireni ntchito sindinasiyepo kalasi panjira. Ndikupempha chimodzi chokha. Ndifike nawo Disembala, ndidzatuluke pachipata ndi miyendo yanga."

Chisoni chinandigwira, sindikubisani. Ndinati mayi, makope ndizichonga ndine. Tinachita momwemo. Masana aliwonse tinkakhala pansi pa mango uja, ine ndikuwerenga mokweza zimene mwana walemba, iwo n'kumanena pamene wasochera. Nthawi zambiri dzina la pakope sindinkalitchula n'komwe. Ndikangowerenga mizere iwiri ankati, "Ameneyo ndi Lameki, amaiwala kuti wamasula mtolo. Mawa akhale kutsogolo." Ndikatembenuza chikuto, Lameki ndithu! Samu ya mwana ankaizindikira monga mayi amazindikirira kulira kwa khanda lake. Ine hedi wathunthu ndinabwerera kukhala wophunzira, ndipo ndinkaiyembekezera nthawi imeneyo kuposa ntchito zonse za mu ofesi.

Kenako ku ofesi ya maphunziro ku Chipata anandiuza nkhani imene hedi aliyense wa kumudzi ankailota. Sukulu ina yaikulu ya m'tauni inkafuna hedi kuyambira teremu yachitatu, ndipo anasankha ine. Nyumba yake inali ya magetsi ndi mpopi. Iwe Yohane ukanamangoyenda pang'ono n'kufika kusekondale, m'malo mopalasa njinga mtunda wonse uja. Amayi anu atamva anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika, ndipo tsiku lomwelo anayamba kufunafuna makatoni. Inenso ndinakondwa, bodza n'loipa. Koma ndikamayenda kupita pansi pa mango, mtima unkandiuza kuti hedi watsopano sadzatha sabata asanaone, ndipo sadzakhala ndi chifukwa chochongera makope a munthu wina. Zimenezi ndinazisunga ndekha, osauza aliyense.

Julayi, chaka chomwecho

Teremu yachiwiri ili pafupi kutha, kunabwera oyendera masukulu, a Mbewe, munthu wamtali, wosaseka, amene aphunzitsi ankawaopa ngati mvula yamatalala. Anayang'ana zonse za mu ofesi, kenako anati akufuna kuona phunziro la masamu ku Giredi 4. Analowa, anapereka moni, anatenga choko n'kulemba okha pabolodi osatchula kanthu: 604 kuchotsera 278. Analoza mwana mmodzi, ndipo mwa ana onse aja chala chawo chinagwera pa iwe, Malita. Anati, "Mayi, mwanayu awerengere, inu muchonge." Anabwera kudzakhala kumbuyo pambali panga.

Mayi Soko anaima chapafupi ndi bolodi, manja ali kumbuyo. Anati, "Tiwerengere samu yako, mwanawe." Unawerenga mwamantha. "Malita, usaope. Uzinena monga mwa masiku onse." Unayamba: "Ndili ndi 4, akufuna 8, sindingathe. Odi!" Kalasi yonse inayankha, "Lowani, koma kuno kulibe kanthu!" Unagogoda kwa mahandiredi, unamasula, unabwera nazo bwinobwino. "14 kuchotsera 8, kwatsala 6. 9 kuchotsera 7, kwatsala 2." Kenako mantha anakuthamangitsa. "6 kuchotsera 2, kwatsala 4." Unalemba 426 n'kuika choko pansi. Ndinkafuna kutsokomola, kaya kugwetsa kanthu, koma a Mbewe anali pomwepo.

"Ima pomwepo," anatero Mayi Soko mofatsa. "Kwa mahandiredi unapeza mitolo ingati?"

"Sikisi, madamu."

"Utagogoda anakupatsa?"

"Anandipatsa umodzi."

"Nanga wabwerera kwa eni ake n'kupeza ikadali sikisi? Ndiye uja unamasula uja unakauba kuti?"

Ana anaseka, iwenso unaseka. Mayi Soko anakuuza kuti ubweretse mitolo. Unaiika pansi yonse sikisi, unamasula umodzi, iwo anagwada n'kupapasa yotsalayo ndi dzanja, umodziumodzi. "Faifi, madamu!" Unathamangira pabolodi, unafufuta 4 n'kulemba 3. Anakuuza kuti unene yankho lonse, unati 326. A Mbewe anapereka masamu ena kwa ana ena, ophatikiza ndi ochotsera, ena mpaka a masauzande. Ana anagogoda, anamanga, anamasula. Nkhope ya a Mbewe sinasinthe.

Ndinawaperekeza kugalimoto. Atafika pachitseko anaima n'kuyang'ana kuphiri. "A Sakala, mayi aja saona, eti?"

Munthu ameneyu sanali woti n'kumunamiza, ndipo Mayi Soko sakanafuna kuti ndiname chifukwa cha iwo. "Saona bwino, bwana. Koma mwaona nokha mmene amamvera."

"Ndaona. Kalasi ngati imeneyi sindinaipeze kwina chaka chino. Atsala ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka Disembala."

"Makope akuchonga ndani?"

"Ine, bwana."

A Mbewe anatembenukira kwa ine. "Inu ndi amene mukupita ku tauni teremu yamawa. Tamvetserani. Ngati mukupita, ine ndiyenera kukanena za mayiwa, chifukwa sindingasiye ana ndi mphunzitsi wosaona popanda womuthandiza, ndipo hedi watsopano sindingamusenzetse katundu ameneyu. Ngati mukukhala, ndikanena kuti Giredi 4 ikuphunzira bwino, ndipo silikhala bodza. Koma sukulu ya m'tauni siikudikirani. Oifuna ndi ambiri, ndipo mukaikana lero musayembekezere kuti adzakukumbukiraninso. Mukaganize, mudzandiuze Lolemba."

Ndinaganiza za magetsi, za njinga ya Yohane, za makatoni a amayi anu. Mawindo a Giredi 4 anali otsegula, ndipo ndinamva ana akufuula, "Odi!" Ndinati, "Bwana, Lolemba ndi kutali. Ndikhala." Anandiyang'ana nthawi yaitali, anandigwira chanza, n'kulowa m'galimoto.

Kunyumba kunavuta. Amayi anu sanakuwe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukuwa. Anati, "Bambo a Yohane, mwaganizira ana a eni ake. Nanga anuwa awaganizire ndani?" Anamasula makatoni okha, mbale iliyonse ikumveka pofika pathandala. Kwa masabata angapo tiyi wanga ankabwera wozizira. Koma amayi anu ndi munthu wamtima, inu mukuwadziwa. Mvula itayamba ndinawaona atagwira Mayi Soko dzanja, akuwawolotsa pamatope a njira ya kutchalitchi. A Mbewe sananame. Sukulu ya m'tauni inapita kwa wina, ndipo ine ndinapumira ntchito kumudzi. Iwe Yohane unapalasa njinga ija mpaka unamaliza sukulu, mvula ndi dzuwa, osadziwa chifukwa chake. Zimenezo sindiiwala, mwana wanga.

Disembala, ndi Khirisimasi yathayi

Tsiku lotsekera sukulu Mayi Soko anaitana ana awo mmodzimmodzi, aliyense n'kuchotsera samu yokhala ndi ziro pakati, akunena ndi pakamwa. Makolo anabwera ambiri, ena mwa iwo anthu amene anagogodapo m'kalasi yomweyo ali ana. Wotsiriza atamaliza, mayi anaomba m'manja kamodzi n'kunena, "Basi, kalasi yanga ndaifikitsa." Anakana kuti wina awagwire dzanja. Anayenda okha pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse mpaka pachipata, ana ali m'mbali akuimba, ine ndikutsatira pambuyo ndi katoni yawo ya mitolo.

Pachipata anaima. "A Sakala," anatero. Dzina limeneli anali asanandiitanepo chibwerere changa. "Amake Yohane andiuza zonse. Munachita zopusa."

"Inde, mayi."

"Ndikanadziwa ndikanakukanizani."

"N'chifukwa chake sindinakuuzeni, mayi."

Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa, analigwira ndi manja onse awiri. Katoni anakana kutenga, anati imeneyo ndi ya ana. Anakakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Chipata, ndipo patapita zaka zingapo tinakawaika m'manda. Katoni ija inatha ndi chiswe, koma aphunzitsi achinyamata amene ndinawasiya ku Kuseri anali atamweta kale tsekera wawo.

Khirisimasi yathayi iwe Malita unabwera kuchokera ku Lusaka ndi mwana wako Dalitso. Masana ena ndinakupezani pakhonde, kope la homuweki lili pambali, utakhuthula machesi pansi n'kujambula nyumba zitatu pasimenti ndi khala. Sunandione. Dalitso anagogoda, iwe unayankha kuti kuno kulibe kanthu, ndipo iye anafuna kubwerera. Ndinakumva ukunena mofatsa, "Usabwerere. Ziro nayenso ndi munthu waulemu, akakupemphera." Liwu linali lako, koma mawuwo ndinawamva koyamba iwe usanabadwe, nditakhala pansi ndi jekete yanga. Pambuyo pake unandifunsa chimene ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinati ndinapita kukaona nkhuku. Nkhuku zinali bwinobwino, mwana wanga.